Nomi, Mtsutso ndi Ng'oma: Makalabu a Ophunzira m'Masekondale a Kuchigwa Kalelo



Masiku ano munthu akatchula mawu oti kalabu, ena amaganiza za malo omwera mowa, ena za gulu la alimi lotengera feteleza pangongole. M'zaka za m'ma 1960, 1970 ndi 1980, m'masukulu a sekondale a kuchigwa cha Shire, mawuwa ankatanthauza china. Kalabu idali gulu la ophunzira lokumana masana maphunziro a m'kalasi atatha, lokhala ndi wapampando wake, mlembi wake, msungichuma wake ndiponso mphunzitsi mmodzi woliyang'anira. Idalibe mayeso, ndipo pa satifiketi ya JC kapena ya MCE sipankalembedwa kanthu za iyo. Komabe mukawafunsa agogo anu amene adadutsa m'masukuluwa, mudzapeza kuti masamu a Fomu 3 adawaiwala kalekale, koma tsiku limene adaimirira koyamba pamaso pa anzawo n'kutsutsa mfundo, mawondo akugwedera, akulikumbukirabe.

Ambiri amaganiza kuti magulu otere adabwera ndi Azungu pamodzi ndi choko ndi bolodi. Dzinalo n'lachilendo ndithu, koma khalidwe loti achinyamata adzisonkhanitse okha, adzisankhire atsogoleri ndi kusunga thumba limodzi, chigwa chidali nalo kale. Kudali nomi.

Nomi idali gulu la anyamata ndi atsikana osakwatira, mwambo umene udafika ku Nsanje ndi Asena ochokera kumadera a mtsinje wa Zambezi. Achinyamatawa ankasankha atsogoleri awo, ankagwirizana malamulo awo, ndipo ankayenda limodzi kukalima m'minda ya anthu molipidwa. Malipirowo sankagawana tsiku lomwelo. Ankawasunga kufikira nyengo ya masika, pamene ankagula chakudya, kuitana oimba ng'oma n'kuchita phwando lalikulu lovina mpaka kucha. Thonje litafala m'madimba m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, manja a nomi adafunika kwambiri, pakuti thonje silidikira munthu nthawi yopalira ndi yotola. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adagwira ntchito m'chigwa muno, adalemba mbiri ya nomi m'boma la Nsanje kuyambira cha m'ma 1891 kufika 1972, nasonyeza m'mene gulu limene poyamba lidali lolerera achinyamata lidasandukira pang'onopang'ono bizinesi ya anthu pawokha. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala nayenso adaifotokoza nomi m'buku lake la mbiri ya chigwachi la m'chaka cha 1990. Chotero mwana wa ku Tengani kapena kwa Mlolo pofika ku sekondale n'kuuzidwa kuti asankhe msungichuma wa kalabu, sadadabwe kwenikweni. Amayi ake kapena azakhali ake adachitapo zomwezo, khasu lili m'manja. Ngakhale hositelo yogonamo sidali yachilendo kwa mnyamata wokulira m'gowero.

Sekondale yokha ndiyo idachedwa kutsika phiri. Sukulu ya Blantyre Secondary idatsegulidwa m'chaka cha 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ya Dedza mu 1951, koma kuchigwa kudalibe. Mwana wanzeru wa ku mishoni ya Chididi kapena ya Lulwe ankayenera kukwera sitima ya pamtunda kupita kumtunda, ngati mwayiwo waupeza n'komwe. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidafuna kuti chigawo cha DC aliyense chikhale ndi sekondale yake, ndipo Chikwawa ndi Nsanje, imene kale inkatchedwa Port Herald, adapeza zawo. Ngabu ndi Bangula nawonso adadzakhala ndi masekondale. Aphunzitsi a masiku oyambawo ambiri adali alendo m'chigwa: ena akumtunda, ena akumpoto, enanso achinyamata odzipereka ochokera ku Britain ndi ku America, pakuti a Peace Corps adayamba kufika m'dziko muno mu 1963. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Iwowa ndiwo adabweretsa dongosolo la makalabu monga adalionera kwawo, ndi kope la mlembi lolembamo zokambirana.

Tisaiwale dzuwa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chaka cha sukulu chinkayamba mu Okutobala, mwezi umene ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40. Malata a kalasi ankachita kuthetheka. Ikakwana nthawi ya masana palibe mphunzitsi amene akadalowetsa Chilatini kapena sayansi m'mitu ya ana, ndiye chifukwa chake misonkhano ya makalabu inkachitikira panja, patsinde pa mtengo wa bwemba kapena wa nimu, dzuwa litapendeka. Kukhala mozungulira pansi pa mtengo kudapangitsa kalabu kufanana ndi bwalo la kumudzi kuposa m'mene eni dongosololo adaganizira.

Mfumu ya makalabu onse idali kalabu ya mtsutso. Ophunzira ankapatsidwa mutu, n'kugawidwa pawiri, ovomereza ndi otsutsa. Wapampando ankakhala pakati ndi wotchi, ndipo wolankhula aliyense ankayamba ndi mawu oti "Mr Chairman" asanatule mfundo zake. Pomaliza omvera ankakweza manja kuti zidziwike kuti yapambana ndi mbali iti. Chodabwitsa kwa ambiri chidali chakuti munthu ankatha kupatsidwa mbali imene mtima wake sukugwirizana nayo, nayenera kuiteteza ndi mphamvu zonse. Makolo ena atamva zimenezi ankati sukulu ikuphunzitsa ana bodza. Ine ndimaona kuti luso limeneli pabwalo la nyakwawa lidalipo kale: nkhoswe imalankhulira mbale wake ngakhale ikudziwa kuti mbuzi ya mbaleyo ndiyo idadya mapira a eni, osati pofuna kunama, koma kuti mlandu uweruzidwe mbali zonse zitamveka.

Kusiyana kudalipo kwakukulu ndithu. Pabwalo la mfumu mwana salankhula, mkazi amakhala chapambali, ndipo wamkulu akayamba kufotokoza palibe womuuza kuti nthawi yatha. Pamtsutso mtsikana wa Fomu 2 ankatha kuimirira n'kugwetsa mfundo za mnyamata wandevu wa Fomu 4, wapampando n'kumuteteza kuti amalize. M'chigwa chimene atsikana ofika ku sekondale ankawerengeka ndi zala, ichi sichidali chinthu chaching'ono. Aphunzitsi ankawalimbikitsa amanyazi ndi mwambi uja woti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo ambiri amene pambuyo pake adakhala anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi adaphunzira kutukula maso pamaso pa gulu m'mabwalo amenewa.

Mitu yambiri idali yofanana m'dziko lonse: moyo wa m'tauni ndi wa kumudzi wabwino ndi uti, mphunzitsi ndi dokotala wofunika kwambiri ndani, kodi kuphunzitsa mwana wamkazi n'kutaya ndalama. Koma padali mutu umodzi umene kuchigwa unkayaka moto kuposa kwina kulikonse, woti malowolo athetsedwe. Ku Zomba kapena ku Dedza ana ambiri ankakamba za malowolo ngati nkhani ya anthu ena. Kuno m'kalasi imodzi munkakhala mwana wa Chisena, amene bambo ake adalowola amayi ake n'kuwatengera kwawo, ndipo ana ndi a kuchimuna, pafupi ndi mwana wa Chimang'anja, amene bambo ake adali mkamwini pamudzi pa akazi awo, mwini ana ali malume. Wina akanena kuti malowolo n'kugula munthu ngati ng'ombe, mnzake ankamva ngati atukwanidwa amayi ake, nabweza kuti mkamwini ndi kapolo wolima munda wa apongozi. Wotchi ya wapampando inkalephera ntchito tsiku limenelo. Koma ana amene makolo awo ankangonyozana chapansipansi ankamva kwa nthawi yoyamba chifukwa chimene anzawo amachitira zimene amachita: kuti malowolo amamanga mabanja awiri ndi kutsimikiza kwawo kwa ana, ndi kuti chikamwini chimasunga mkazi pakati pa abale ake pomwe sangazunzidwe popanda womuona. Palibe buku la sukulu la nthawiyo limene lidaphunzitsa zimenezi momveka chotero.

Zonsezi zinkalankhulidwa m'Chingerezi, ndipo apa ndi pamene pali chilonda cha nkhaniyi. M'masukulu ambiri mudali lamulo loti wopezeka akulankhula chinenero cha kwawo alandire chibalo, kutchetcha udzu kapena kukumba dzenje la zinyalala. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo mu 1972 bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa. Mwana wa Chimang'anja sadavutike kwambiri, popeza chinenero chake ndi Chichewa n'zapachibale, ngakhale kuti mawu ena a agogo ake ankadulidwa ndi inki yofiira. Mwana wa Chisena adasenza mitolo itatu: Chisena kunyumba, Chichewa m'phunziro lake, Chingerezi kwina konse. Chisena sichinkamveka pa wailesi, sichinkalembedwa m'buku lililonse la sukulu, ndipo akalakwitsa n'kunena kuti "pinthu" m'malo mwa "zinthu" anzake akumtunda ankafa nacho chiseko. Ambiri adaphunzira kubisa kwawo. Mwambi wa Chisena umene ukadathetsa mtsutso ndi mawu asanu okha unkatsala kukhosi, mwiniwake akufunafuna Chingerezi choti auveke. Chingerezicho chidawatsegulira ana athu makomo a ntchito, zimenezo palibe angakane. Koma lamulo lolanga mwana chifukwa cha lilime la amayi ake lidaphunzitsanso phunziro lina limene silidalembedwe pandandanda, loti nzeru za kwawo n'zochititsa manyazi.

Padalinso mitu imene sinkakhudzidwa n'komwe. Kuyambira 1966 dziko lidali la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya. Mphunzitsi woyang'anira kalabu ankauona mutu uliwonse usanalengezedwe, naupima ngati mayi wopeta mpunga, kuopa kuti mwana wotengeka ndi kuwomba m'manja kwa anzake angatchule mtengo wa thonje ku ADMARC kapena khadi la chipani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Anthu akuchigwa adauona mwambiwu ukukwaniritsidwa pa mwana wawo yemwe. Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, amene adali nduna yamphamvu ndiponso mkulu wa Apayoniya, adamangidwa mu 1980 pa mlandu wolankhula zoukira boma, nagamulidwa kukhala m'ndende zaka 22, ndipo adatuluka mu 1993. Ngati mkungudza udagwa chotero, mwana wa Fomu 3 akadalimba bwanji? Choncho achinyamata adaphunzira luso lotsutsa, koma adaphunziranso kuzindikira pamene mpanda wathera.

Kalabu ya zisudzo idali ndi mpanda womwewo. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lidayambitsa mpikisano wa zisudzo wa masekondale mu 1969, ndipo sukulu iliyonse yofuna kutchuka inkakonzekera mpikisanowu miyezi ingapo. Sewero linkayenera kukhala la Chingerezi, ndiponso lovomerezedwa ndi bungwe lounika mabuku ndi zisangalalo limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Poyamba masukulu ankatenga masewero olembedwa kunja, kenaka aphunzitsi ndi ophunzira adayamba kulemba awoawo. Du Chisiza Junior adatchukira pa mpikisano umenewu mu 1982 ali wophunzira pa HHI ku Blantyre, ndi sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack, asanakhazikitse gulu la Wakhumbata mu 1987. Ana akuchigwa ankapikisana ndi masukulu okhala ndi holo, magetsi ndi makatani, iwo atayeserera pabwalo la fumbi, zovala atabwereka kwa alonda ndi ophika. Ulendo womwe udali sewero palokha: lole yokwera phiri la Thabwa mokhosomola, kapena sitima yochoka ku Nsanje kudzera ku Bangula, Chiromo, Makhanga ndi Luchenza mpaka ku Limbe.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya zisudzoyi n'chakuti nthano yaikulu kuposa zonse za m'chigwa, ya Mbona wa ku Khulubvi, woitana mvula amene adaphedwa ndi adani ake, idafika pa siteji kudzera kumtunda. Steve Chimombo wa ku Chancellor College ndiye adailemba m'sewero la The Rainmaker, limene lidasindikizidwa mu 1978. Adachita bwino, ndipo tiyenera kumuthokoza. Koma taganizirani mwana wa ku Nsanje amene agogo ake adasonkhako mapira a nsembe ya kwa Mbona, akuiwerenga nkhaniyo m'Chingerezi, n'kuzindikira kuti zimene ankazibisa ngati zachikunja anthu ophunzira a ku Zomba akuziyesa chuma.

Pakhomo pamene nzeru za kumudzi zinkalowera pa sukulu mosabisala padali pa gulu la magule. Pa 6 Julaye, tsiku lokumbukira ufulu, pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, kapena kukabwera nduna, sukulu inkayenera kuonetsa gule. Apa zinthu zinkatembenuka. Mphunzitsi wa digiri wochokera kutali sankadziwa kukunga ng'oma pamoto, sankadziwa kuti valimba imalira bwino zikakhala kuti zikasi zake zapansi zamatidwa moyenera. Wodziwa adali mnyamata uja wokhala kumbuyo m'kalasi, wolephera Chingerezi, amene adakulira pafupi ndi amalume ake oimba. Atsikana ankavina utse, anyamata likhuba ndi kudumpha kwake kotembenuza thupi, ndipo nyimbo zake zidali za Chisena ndi Chimang'anja. Mwana yemwe uja adatchetcha udzu m'mawa chifukwa cholankhula Chisena, masana ankatsogolera nyimbo ya Chisena pamaso pa DC, akulu onse akumuwombera m'manja. N'zoona kuti mawu a nyimbo zambiri ankasinthidwa kuti atamande Ngwazi ndi chitukuko chake. Koma kaimbidwe ka ng'oma, kaponyedwe ka phazi ndi kamangidwe ka nsalu m'chiuno sizidasinthe, ndipo magule ena adapulumuka m'mitima ya anthu ophunzira chifukwa cha masiku amenewa.

Gule mmodzi yekha sankalowa pa sukulu. Gule wamkulu wa Amang'anja ngwa kudambwe, ndipo wosameta sayenera kumuyerekeza. Ana olowa ankangokhala chete nkhaniyi ikatchulidwa, anzawo a Chisena, amene kwawo kulibe Nyau, n'kumawafunsa mafunso osayankhidwa.

Magulu ena ndingowatchula mwachidule. A SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu limene lidayamba mu 1961, ankakumana kuimba ndi kuwerenga Baibulo, Akatolika nawo ali ndi YCS yawo. Kwaya inkapikisana ndi makwaya a masukulu ena. Odziwa mitu ya mayiko ndi mayina a mitsinje ankalota zokamveka pa wailesi ya MBC m'pologalamu ya mafunso ya Top of the Class, imene sukulu yonse inkamvera itazungulira wailesi imodzi ya mabatire. Mpira wamiyendo ndi wamanja udali ndi anthu ake, ndipo kampani ya shuga ya Sucoma itayamba ku Nchalo cha m'ma 1960, anyamata aluso adaona kuti mwendo ungathe kumupezera munthu ntchito. Okonda mbiri yakale ankapita kukaona manda a amishoni a UMCA amene adafera pafupi ndi Chikwawa mu 1863, mathithi a Kapichira pamene sitima ya David Livingstone idalephera kupitirira mu 1859, ndi ku Chiromo, kufupi ndi kumene Bishopu Charles Mackenzie adamwalirira mu Januwale 1862. Kumeneko ana a kwa Kasisi, kwa Katunga, kwa Maseya ndi kwa Mulilima ankamva kuti mafumu awo ndi zidzukulu za Amakololo amene adatsala m'chigwa Livingstone atapita. Ku Khulubvi kokha sikudali kopita ndi lole ya sukulu mwachisawawa, pakuti kumeneko munthu amalowa eni malo atalola, nsapato atavula.

Kalabu ya zachilengedwe ndiyo ndifuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ana akuchigwa adali ndi mwayi umene anzawo a m'tauni adalibe. Nkhalango zitatu zidali pakhomo pawo: Lengwe, imene idatetezedwa koyamba mu 1928 n'kukhala paki mu 1970, Mwabvi ku Nsanje, ndi Majete kumtunda kwa Chikwawa. Bungwe loteteza nyama zakutchire limene lidayamba mu 1947, lomwe lero limadziwika kuti WESM, lidalimbikitsa makalabu otere m'masukulu, ndipo pambuyo pake linkawatumizira kamagazini ka Nantchengwa. Ku Lengwe ophunzira ankakwera m'kanyumba kobisalamo pafupi ndi chithaphwi, m'chilimwe madzi atasowa kwina konse, n'kukhala duu osatsokomola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinkayamba kufika njiri ndi anyani, kenaka nswala, ndipo potsiriza, mochenjera, boo, imene m'mabuku imatchedwa nyala, yamphongo yakuda yamizere yoyera ndi nyanga zopotana, zazikazi zofiirira. Lengwe ndi malo akumpoto kwenikweni kumene nyamayi imapezeka mwachilengedwe mu Africa muno.

Pamaulendo amenewa buku ndi mudzi zinkakumana maso ndi maso. Mphunzitsi ankatchula dzina la mtengo la Chilatini, mwana n'kunena kuti uwu ndi mtsanya, nkhuni zake sizizima msanga, uwo ndi njale, uwo ndi mgwalangwa wopangira uchema ndi mikeka. Mwana wa msodzi wa ku Elephant Marsh, dambo limene Livingstone adalipatsa dzinali ataona njovu pafupifupi 800 mu 1859, ankadziwa nyengo imene makakana ndi mlamba zimaswana, ndi kumene kumakumbidwa nyika m'chaka cha njala. Koma padali mfundo yowawa imene kalabu sinkatha kuithawa. Lengwe itakulitsidwa mu 1975 kufika pa masikweya kilomita 887, midzi yozungulira idataya malo osaka, odula mitengo ndi odyetsa ziweto. Mwana ankaphunzira masana kuti wotchera msampha ndi mdani wa dziko, podziwa kuti ndiwo imene adadya patchuthi idachokera mu msampha wa amalume ake, ndi kuti njati zotuluka m'paki zidathera mapira a amayi ake. Aphunzitsi anzeru ankalola kuti ana aikambe nkhaniyi momasuka, ndipo mtsutso wake unkaposa uja wa m'holo, chifukwa aliyense adali ndi kanthu kotaya.

Tsopano za Apayoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers lidayamba mu 1963, ndipo m'kupita kwa nthawi alangizi ake adatumizidwa m'masekondale kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi, perete ndi ngodya zinayi za chipani: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Gulu la Masikauti, limene lidalipo kuyambira nthawi ya atsamunda, lidazimirira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti lipereke malo kwa iwowa, ndipo lidadzabwerera m'zaka za m'ma 1990. Chaka chilichonse chakumapeto kwa Malichi kunkakhala Sabata ya Achinyamata. Makalasi ankatsekedwa, ophunzira n'kutenga makasu, zikwanje ndi zikombole: kulambula misewu, kukonza milatho ya mitengo imene madzi osefukira adakokolola, kuumba njerwa za chipatala, kumangira nyumba nkhalamba zopanda owathandiza.

Anthu a msinkhu wanga amagawanika pa za sabatayi. Ena amailira, nati ana a lero sadziwa kugwira ntchito yopanda malipiro. Ena amakumbukira chikwapu cha mawu, ndi mantha a mphunzitsi amene ankadziwa kuti mlangizi wa Apayoniya ali ndi khutu lofika kutali. Onsewo akunena zoona. Ntchitoyo idali yabwino, ndipo midzi idapindula nayo. Pakuoneka idafanana ndi nomi: achinyamata, makasu, nyimbo, ntchito ya pamodzi. Koma a nomi ankadzisankhira mtsogoleri, ankapangana okha munda woti alime, ndipo phwando la pamapeto lidali lawo. Pa Sabata ya Achinyamata lamulo linkachokera kumwamba, ndipo chitamando chinkabwerera komweko. Asilikali a boma atalanda zida za Apayoniya mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, ndipo boma litasintha pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, sabatayo idatha nthawi yomweyo, popanda mudzi kapena sukulu imene idati tiyeni tipitirize tokha. Mtsutso, zisudzo ndi kwaya, zimene ana ankazikonda mwa iwo okha, zidapitirira.

Zaka za m'ma 1980 zisanathe, chigwa chidaona zina. Nkhondo ya ku Mozambique idakula, ndipo kuyambira 1986 othawa kwawo adakhamukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kufikira kuti m'boma la Nsanje alendo adachuluka kuposa eni dera. Misasa ngati wa Mankhokwe ndi wa Nyamithuthu idasanduka mizinda ya udzu. Ambiri mwa othawawo ankalankhula Chisena chomwe chija chinkabisidwa pa sukulu, ndipo ogwira ntchito zachifundo ochokera kumtunda ndi kunja adafuna owamasulira. Wachinyamata wodziwa Chisena ndi Chingerezi pamodzi, wozolowera kuimirira pagulu, adapezeka kuti ndiye munthu wofunika. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 alendowo adayamba kubwerera, ndipo mu 1996 wailesi ya MBC idayamba kuulutsa nkhani m'Chisena.

Nthawi yomweyo matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, adabala kalabu ya mtundu watsopano, ya Edzi Toto, yothandizidwa ndi boma ndi UNICEF. Iyi inkagwiritsa ntchito zida zonse za makalabu akale, sewero, nyimbo, gule ndi mtsutso, koma m'chinenero chimene anthu akumva, ndipo inkatuluka pa mpanda wa sukulu kupita m'midzi. Kuchigwa idakhudza mwambo wa kulowa kufa, nkhani imene kale mwana sakadayerekeza kuitchula pamaso pa akulu. Makalabu otere adabweranso ndi chizolowezi chimene akale sankachidziwa, cha malaya aulere ndi ndalama za chakudya pa msonkhano, ndipo mabungwe akasiya kupereka, ena mwa makalabuwo ankafota.

Chimene chidasintha kwambiri masana a pa sukulu ndi kuchuluka kwa ophunzira. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ndipo malo ophunzirira a MCDE atasandutsidwa masekondale oyendera a CDSS mu 1998, ana ambiri a m'chigwa adapeza mwayi umene makolo awo sadaulote. Koma mwana woyendera, wochokera mtunda wa makilomita khumi pa njinga yobwereka, mimba ili pululu, sangatsalire masana kuti atsutsane za malowolo. Aphunzitsi nawo masana adayamba kuphunzitsa makalasi olipira. Sitima ija yonyamula matimu ndi makwaya idaleka kufika ku Nsanje madzi atadula njanji pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, mu 1997. Ndipo m'zaka za madzi osefukira, monga mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, makalasi ndi mabwalo a masukulu ambiri adasanduka misasa ya anthu othawa madzi kwa milungu yambiri.

Makalabu a zachilengedwe ndi ena mwa amene adapirira zonsezi, ngakhale kuti adadutsa m'zaka zomvetsa chisoni. Ophunzira a m'ma 1980 adali omaliza kuona njovu zakale za ku Majete, pakuti pofika 1992 opha nyama mozemba adali atazitha zonse, ndipo chipembere cha ku Mwabvi nacho chidazimirira m'zaka zomwezo. Kwa zaka zoposa khumi mphunzitsi ankaloza chithunzi cha m'buku pofotokoza nyama imene agogo a anawo ankaithamangitsa m'munda. Bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira Majete mu 2003, chaka chomwecho zipembere zidabwezedwamo, njovu mu 2006, mikango mu 2012, ndipo ana a masukulu ozungulira nkhalangoyi amatengedwa kukaziona.